Mchere m'Munda wa Kumunsi

Wageningen, 9 Malichi 2014

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko, inu ndi Krešo ndi azakhali a Slavka. Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa latiiwala chiyambire chaka. Mkamwini wanu Wouter akupereka moni. Akuti kachasu wa mphesa munamupatsa uja akadali m'kabati, amangomuyang'ana, amamuopa.

Ndikanaimba foni, koma tonse tikudziwa mmene zimathera: ine ndimakuwa mpaka oyandikana nafe kutsegula mawindo, inu n'kuyankha funso lomwe sindinafunse. Makina opopa madzi munkagwirako ntchito aja anakutherani makutu. Ndiye tiyeni tizilemberana ngati kale.

M'katoni muno mupezamo kachipangizo kooneka ngati tochi. N'koyezera mchere. Mukaviika kumutu kwake m'madzi, pagalasi pamatuluka nambala. Ndikupempha kuti mukamayenda ndi kabwato kanu muziyeza m'ngalande za m'minda, zathu ndi za anzanu onse amene angalole, makamaka m'chilimwe mtsinje ukatsika. Manambalawo muzipatsa Krešo azinditumizira pafoni.

Mufunsa kuti ndichita nawo chiyani. Kuntchito kuno tili ndi pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa R. Ndikaipatsa manambala a malo angapo, iyo imayerekeza za malo apakati omwe sitinayeze, potengera kuti madzi a ngalande zoyandikana amafanana kusiyana ndi a ngalande zotalikirana. Kenako ndimaonjezapo mvula ya zaka zapitazi, madzi a mtsinje wa Neretva m'chilimwe, ndi mmene nyanja ikukwerera. Mapeto ake imajambula mapu oonetsa pomwe mchere wafika ndi komwe ukulowera. A ku ofesi ya zamadzi ndiwo atipatsa ntchitoyi. Akufuna umboni woti akapemphere chotchinga pamtsinje, kuti madzi a m'nyanja asamakwere nawo kufika m'minda. Ine ndinachita kuilimbirana ntchitoyi chifukwa ndi ya kwathu.

Mundiuze za Krešo ndi Marinela. Akadangoyendabe kapena pali chomwe chikubwera?

Mwana wanu,
Tihana


Trstenje, 6 Epulo 2014

Mwana wanga Tihana,

Moni. Tili bwino tonse. Bondo ndilo limavuta mphepo ya kum'mwera ikawomba, koma tinazolowerana.

Katoni yafika. Kachipangizo kako ndinayamba kukayesa mu msuzi wa mikunga ndi achule womwe anaphika azakhali ako. Nambala inakwera moti ndinawauza kuti mumphika mwawo simungamere nachesi. Sanandilankhule tsiku lonse.

Kuyeza ndayamba. Stipan, wa munda wogundana ndi wathu wa kumunsi, akuti ndasanduka dokotala wa achule, koma ngalande yake anandilola. Onse alola, kupatula mkazi wa malemu Mijo, amene akuti chilichonse chokhala ndi manambala chimathera pa msonkho. Pulogalamu yakoyo dzina lake ndi R basi? Galu wa Stipan ali ndi dzina lalitali kuposa pamenepo. Komabe ndawauza anthu kuti mwana wanga ndiye adzatibweretsere chotchinga, ndipo kumalo omwera khofi aleka kundilipiritsa.

Wafunsa za mlongo wako. Krešo wafunsira. Makolo a Marinela ku Opuzen avomera, ukwati ndi wa mu Sepitembala chaka chamawa. Anyamata a msinkhu wake anatha, wina ku Jeremani, wina ku Ireland, chitsegulireni malire a mayiko. Iye yekha watsala, ndipo ndikufuna akhale ndi chotsalira. Munda wa kumtunda ndi waung'ono, sungadyetse mabanja awiri. Ndiye ndaganiza zomupatsa wa kumunsi, womwe amayi ako anabwera nawo paukwati. Agogo ako anaupanga ndi manja, kukumba matope m'dambo n'kumaunjika mpaka panauma. Mitengo yake yatopa. Tikakolola chaka chino ndiizula, ndipo mu Malichi tidzala mbande zatsopano, kuti pomwe ana a Krešo azidzayamba sukulu mitengo idzakhale ikubala.

Uzidya. Pachithunzi chija waonda.

Bambo ako,
Nediljko


Wageningen, 16 Novembala 2014

Krešo,

Moni mlongo wanga. Ndikhulupirira kukolola kukutha bwino. Kalata iyi ndaitumiza kwa Marinela dala, kuti usatsegule pamaso pa Bambo. Ukhale pansi uwerenge yonse.

Mapu atuluka, ndaikamo m'envulopu muno. Malo obiriwira ndi omwe madzi ake adzakhalebe abwino. Achikasu ndi okayikitsa. A mtundu wa nachesi lakupsa ndi omwe mchere wake ukupitirira kale, kapena udzapitirira posachedwa, mlingo womwe mitengo ya manachesi imapirira. Yang'ana kumunsi. Munda wathu, wa a Stipan, mpaka kubango kuja, onsewo ndi mtundu umenewo.

Poyamba sindinakhulupirire. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa pouza pulogalamu zochita, ndiye ndinapempha mnzanga wa kuntchito kuti abwereze zonse payekha osaona zanga. Zake zinatuluka chimodzimodzi. Kenako ndinayamba kuinyengerera, Krešo, ngati mwana wokana kudya. Ndinaipatsa mvula yambiri. Ndinaiuza kuti nyanja izikwera pang'onopang'ono. Ndinachotsamo zaka zouma kwambiri. Minda ina inasanduka yachikasu, wathu ayi. Pulogalamuyi imanenanso pomwe ikukayika, malo omwe manambala ndi ochepa. Pamunda wathu sikukayika ngakhale pang'ono, chifukwa Bambo anayezapo kawirikawiri kuposa pena paliponse.

Mitengo yaikulu ingapirire zaka zingapo. Mbande sizingapirire chilimwe chouma ngakhale chimodzi. Chotchinga ngati chidzamangidwe, si chaka chamawa. Musadzale mu Malichi.

Ndinafuna kubwera pa Khirisimasi kuti ndidzawauze ndekha, koma ndine woyembekezera, ndipo dokotala wandiletsa ulendo chifukwa magazi akuthamanga kwambiri. Za mimbazi ndiwalembera Bambo mawa. Za mundazi sindikufuna awerenge ali okha patebulo. Pafunika munthu wowagwira paphewa. Uwauze iwe, maso ndi maso. Chonde usachedwe, asanaitanitse mbande.

Mlongo wako,
Tiha


Trstenje, 14 Disembala 2014

Mwana wanga,

Moni kwa iwe ndi mwamuna wako ndi mlendo ali m'njirayo. Kalata yako inandipeza ndili pamakwerero. Ndinatsika n'kukauza amayi ako kumanda, kenako azakhali ako, amene ayamba kale kuluka timasokosi. Umvere dokotala. Usanyamule chilichonse, ngakhale kompyuta yakoyo.

Mapu ako ndawaona. Mlongo wakoyu ndi wosasamala, anawasiya m'galimoto pansi pa makatoni a manachesi, atapindidwa ngati pepala la nsomba. Ndinawawongola ndi simbi n'kuwakhoma m'khichini. Ndi okongola. Ngalande zonse zilipo, ndi ija yopindika ya kuseri kwa tchalitchi. Mawu a m'mphepete ndi a Chingerezi, koma sindinafune womasulira, ndinaona ndekha kuti munda wa amayi ako waupaka mtundu wa nachesi lakupsa. Stipan atabwera ndinamuonetsa kuti nawonso wake waugawirako mtunduwo. Anati zikomo, koma akadakonda ukanamupakirako ndi galimoto yatsopano. Ndinafunsa Krešo ngati unalembanso zina, anati ndi za ntchito basi.

Mitengo yakale tazula. Tsiku limenelo sindinadye bwino, chifukwa ina ndinadzala ndi amayi ako iwe uli kumbuyo. Koma munda wayera bwino, ukuoneka waukulu. Mbande ndaitanitsa, za mtundu wopsa msanga.

Krešo wangokhala chete masiku ano. Ndikuganiza kuti ndi mantha a ukwati. Inenso ndinatero.

Bambo ako,
Nediljko


Wageningen, 3 Januwale 2015

Krešo,

Moni, ngati moni ukulandira. Foni yanga suyankha, mauthenga umangowerenga. Marinela akuti uli kumunda nthawi zonse, ngakhale tsiku la Khirisimasi.

Bambo akhoma mapu m'khichini ndipo akuonetsa alendo. Ndawerenga kalata yawo ndili kuntchito, ndinachita kutuluka panja. Mapuwo unali nawo m'galimoto momwemo, Bambo anakufunsa, iwe n'kuti ndi za ntchito basi. Unathandiza nawo kuzula mitengo ukudziwa. Ukufuna chiyani kwenikweni? Kodi ukuyesa kuti ukakhala chete mchere ubwerera kunyanja?

Ndiyankhe.

Tiha


Trstenje, 25 Januwale 2015

Tiha,

Moni. Ndili bwino, Bambo ali bwino. Sindikuyankha foni chifukwa ukuwa, ndipo dokotala wako sangakondwere. Ndiye ndalemba, uwerenge modekha.

Ndinayesa. Lamlungu lina ndinawatenga pabwato kupita kumunsi kuti ndikawauze kumeneko. Tisanafike n'komwe anayamba kundionetsa mmene mizere iyendere, pomwe tisiye mpata wa thirakitala, pomwe Amayi anagwera m'ngalande ndi dengu lonse kumutu. Anali akuseka, Tiha. Chimwalirireni Amayi sindinawaone akuseka choncho. Ndipo ukudziwa kuti Bambo suwauza chinthu monong'ona. Ndikanachita kuimirira m'bwatomo n'kukuwa kuti munda wa mkazi wanu wafa, a Stipan akumva, mudzi wonse ukumva. Iwe unati pafunika munthu wowagwira paphewa. Paphewa ndinawagwira. Mawu ndiwo anakana.

China ndi ichi, ndipo usakwiye. Pakalata yako yonse unalemba za Bambo ndi za mitengo. Za ine sunalembe. Mundawo ndi wanga. Ngati wafa, ine ndikutsaliranji kuno? Anzanga atapita ankandiseka kuti ndakwatira achule, ine ndinkawayankha kuti ndili ndi malo. Marinela anakana ntchito kulikulu ku Zagreb chifukwa cha malo omwewo. Iwe unachoka utangomaliza sekondale, ukaganiza za kuno umaona zithunzi. Ine ndikadzuka ndimapondapo.

Mwinanso pulogalamu yako yalakwa. Wanena wekha kuti imayerekeza. Chilimwe chamawa kungagwe mvula. Chotchinga angamange. Ndikudziwa zomwe undiyankhe, usavutike.

Sindiwauza. Wajambula ndiwe, uwalembere wekha. Ukatero sindikutsutsa, ndidzakhala nawo patebulo akamawerenga.

Udzisamalire.

Krešo


Trstenje, 19 Epulo 2015

Tihana mwana wa mlongo wanga,

Atamandike Yesu ndi Maria. Ndine azakhali ako a Slavka. Sindizolowera kulemba, ukhululuke zilembo.

Choyamba tithokoze Mulungu kuti watuluka m'chipatala, iwe ndi kamwana. Mwamuna wako ataimba kumayambiriro a Febuluwale kuti mwana wabwera masiku asanakwane, ndipo iwe sukudziwa kanthu, ndinayatsa makandulo mpaka abambo mfumu anandiuza kuti ndiwotcha tchalitchi. Dzina la Mirta ndi labwino. Timasokosi tija tamukulira, koma akula nato.

Tsopano za kuno. Bambo ako andiletsa kukulembera, koma sindinawamverepo chibadwire, sindiyamba lero.

Mbande anadzala mu Malichi, iwe uli kuchipatala. Mudzi wonse unathandiza, ine ndinaphika. Zinagwira zonse.

Lachisanu lapitali kunali msonkhano kuholo ya mudzi. Kunabwera bambo wina wa ku ofesi ya zamadzi kudzafotokoza za mchere. Bambo ako anavala jekete ija ya paukwati wako n'kukhala kutsogolo kwenikweni. Mlendoyo anaonetsa mapu ako pakhoma, aakulu ngati chitseko cha tchalitchi, ndipo dzina lako linali pansi pake. Bambo ako ataona dzinalo anaimirira n'kutembenukira anthu, anthu n'kuomba m'manja. Kenako mlendoyo anayamba kufotokoza mitundu ija. Analankhula mwaulemu, sanabise kanthu. Aliyense anamva kupatula bambo ako. Iwo anangokhala akumwetulira, akugwedeza mutu ngati munthu womvera nyimbo yabwino. Krešo anali kumbuyo pafupi ndi chitseko, ndinamuyang'ana, iye n'kuyang'ana nsapato zake.

Ndi Stipan amene anapita kutsogolo. Anawerama n'kuwakuwira m'khutu, holo yonse ikumva: "Nediljko, mtundu uja si manachesi. Ndi mchere. Akuti minda yathu yatha."

Bambo ako anamufunsa kuti wanena ndani. Stipan analoza dzina lako pakhoma.

Zotsatira zake sindikufuna kuzilemba zonse. Anthu anayamba kulankhula onse pamodzi. Wina anati tsopano palibe amene angagule munda kumunsi ngakhale pamtengo wa nkhuku. Wina anati ndani anabweretsa kachipangizo m'ngalande zathu. Mkazi wa malemu Mijo anati iye ananeneratu. Bambo ako zambiri sanamve, koma nkhope anaziona. Anatenga chipewa n'kutuluka, osathamanga. Pakhomo anaima pamaso pa Krešo n'kumufunsa kuti, "Unkadziwa?" Krešo anavomera ndi mutu. Sanamumenye, sanamutukwane. Anangomukonzera kolala ya malaya n'kupitirira.

Mapu achotsa m'khichini. Sanang'ambe, ndaona ali pamwamba pa kabati. Kumalo omwera khofi sakupitanso. Akudya pang'ono. Mamawa aliwonse ali kumunsi.

Ine za makompyuta sindidziwa, mwana wanga. Koma zimenezi anayenera kuzimva kwa mwana wawo, osati kwa Stipan. Ndakuuza iwe, ndamuuzanso mlongo wako, ndipo iye ndinamuuza mokweza.

Mupsompsone mwana m'malo mwanga.

Azakhali ako,
Slavka


Wageningen, 27 Epulo 2015

Okondedwa Bambo,

Moni. Mirta akuyamwa bwino tsopano, ngakhale mapapo ake akadali ofooka. Ali ndi chibwano chanu.

Azakhali andilembera za kuholo. Musawakwiyire.

Ndinadziwa kuyambira mu Novembala. Ndinapempha Krešo kuti akuuzeni chifukwa sindinafune muwerenge zotere muli nokha. Iye atalephera, ndinayamba kukulemberani. Ndinayamba kangapo, nthawi zonse ndikufuna mawu ofewa, ndipo mawu ofewa onse ankatuluka abodza. Ndisanamalize ndinagwa kubafa, ndipo ndinadzazindikira ndili m'chipatala, mwana ali m'kabokosi kagalasi. Sindikunena izi kuti ndidziyeretse. Ndinali ndi miyezi iwiri yathunthu matenda asanandigwetse. Za tsiku la msonkhano sindinadziwe, kuntchito sanafune kundivutitsa.

Bambo, mapu aja sindinajambule kuti ndiphe munda wa Amayi. Mchere unalimo kale, ukanakhalamo ngakhale mukanapanda kuyeza. Popanda mapuwo palibe amene angamve za chotchinga. Manambala anu ndiwo abwino kuposa onse amene tinalandira, ndipo zikundiwawa kuti akubwezerani choncho.

Ngati mungathe, mbande zina muzisamutsire kumtunda zisanazike mizu kwambiri, ngakhale zochepa. Pothirira musamatunge pansi pa ngalande, madzi a mchere amakhala pansi chifukwa ndi olemera. Muzitunga pamwamba, ndipo muziyamba mwayeza.

Mundiyankhe, ngakhale kunditukwana.

Mwana wanu,
Tihana


Wageningen, 16 Ogasiti 2015

Bambo,

Moni. Iyi ndi kalata yachinayi yopanda yankho. Ndikuona pakompyuta kuti kwanuko mvula sinagwe chiyambire Juni, ndipo mtsinje watsika kwambiri. Mmawa uliwonse ndimatsegula manambala a nyengo ya kwathu ndisanamwe ndi khofi yemwe.

Dokotala akuti Mirta asakwere ndege kapena kuyenda ulendo wautali mpaka chaka chithe. Za ukwati wa mu Sepitembala palibe akundiuza kanthu. Ndaikamo chithunzi. Wayamba kuseka.

Tihana


Cork, 8 Novembala 2015

Tiha,

Moni. Waona pamwambapo, si Trstenje. Tili ku Ireland, ine ndi Marinela, tatha masabata angapo. Ndikugwira ntchito mosungira katundu, ndimayendetsa kagalimoto konyamulira makatoni. Marinela akusamalira okalamba. Tikukhala ndi Jurica, mwana wa a Stipan, m'nyumba yonunkha chinyontho. Dzulo m'sitolo ndinaona manachesi a ku Spain atawaika m'kaukonde, ndinayendera mbali ina.

Ukwati tinachita mu Sepitembala, wopanda phwando. Tchalitchi, kenako nkhomaliro kwa azakhali. Sindinakuuze chifukwa ukanafuna kubwera, mwana akudwala, ndiponso chifukwa ndinali ndikadakukwiyira. Sindikudziwa kuti ndinkakwiyira chiyani. Mwina kuti unanena zoona.

Ufuna kudziwa za chilimwe. Mvula sinagwe. Pofika mu Julayi, kachipangizo kako kanali kakuonetsa manambala omwe Bambo anasiya kundipatsa. Madzi a m'ngalande sanathirenso, ngakhale a pamwamba. Anayamba kutunga pampopi wa kunyumba, kudzaza migolo, kuikweza m'bwato, kupalasa mpaka kumunsi, n'kumathirira mbande imodziimodzi ndi chidebe. Akamaliza mzere umodzi, woyamba uja wauma kale. Ndinawathandiza. Tinkagwira tsiku lonse osalankhulana, ndipo si chifukwa cha makutu. Ndinawauza zosamutsa zina monga unalembera, anati kumtunda kulibe malo, n'zoona, kulibe. Koma madzi athu ankangonyowetsa pamwamba, mchere unkachokera pansi. Masamba anayamba kupsa m'mphepete, kenako kupiringizika, kenako kuyoyoka. Zinayamba za kubango kuja, n'kumabwera mzere ndi mzere.

Tsiku lina mu Ogasiti ndinawapeza atagwa m'bwato, mgolo utawapsinja mwendo. Sanathyoke. Ndikuwadzutsa anandiuza kuti, "Pita, Krešo. Usadikire kuti ndikuthamangitse, sindingathe." Ndinawayankha kuti sindipita. Anati sakumva. Ndinakuwa, anatinso sakumva. Sabata yomweyo anapita okha kwa a Stipan, koyamba chichitikireni za kuholo, kukapempha nambala ya Jurica.

Anatiperekeza kubasi ku Metković. Anandipatsa katoni ya manachesi oyamba a kumtunda, akadali obiriwira pang'ono. Ndinawauza kuti pandege sakalola katoni yonseyo, anati ndiye mudye m'basi. Tinagawira basi yonse.

Makalata ako amawerenga, ndinawaona. Amawaika pamwamba pa kabati. Usasiye kulemba. Ine ndiye sindidziwa chowalembera.

Mupatse moni Wouter. Kamwanako kafanana ndi Bambo, kachisoni.

Krešo


Trstenje, 21 Febuluwale 2016

Mwana wanga Tihana,

Moni kwa iwe, kwa Wouter ndi kwa Mirta. Ndili bwino. Mwendo unapola. Azakhali ako asamukira m'chipinda cha Krešo, akuti ndisamadye zam'chitini, ndiye ndikudya zamchere.

Makalata ako onse ndinalandira. Ndachedwa kuyankha. Poyamba ndinakwiya, ndipo ndinaopa kulemba zomwe sindingathe kufufuta. Mkwiyo utatha ndinachita manyazi, chifukwa cha mmene ndinaimirira muholo muja. Manyazi atatha ndinalibe nkhani.

Mbande ndazula mwezi watha. Zinatsala zamoyo zochepa za pafupi ndi njira, ndazipatsa msuweni wa Marinela amene ali ndi malo kuphiri. Zina zonse zinali timitengo touma, sizinafune ndi khasu lomwe, ndinkangokoka ndi dzanja. Dothi likauma pamwamba pamayera. Ndinalawa. Mundawo sindigulitsa, palibenso angagule. Bango layamba kale kulowa chakumapeto. Ndinapita kumanda kukawauza amayi ako, ndinaima pamenepo nthawi yaitali, koma ndinangozula udzu n'kubwerako.

Stipan amabwera masana. Sitinapepesane, amangobwera n'kukhala. Iyenso wa kumunsi wausiya. Anandibwereka kachipangizo kako kuti akayeze kwa mlamu wake, ndipo ena ayamba kubwereka, ndi omwe anandinena aja. Za chotchinga akuti mapepala apita ku Zagreb ndipo mapu ako ali pamwamba. Ngati adzamange, athandiza a minda ya pakati. Ndi anthu nawonso.

Krešo amatumiza zithunzi pafoni ya azakhali ako. Wanenepa. Akuti adzabwera mu Okutobala kudzathandiza kukolola, koma kumtunda kokha ine ndi Stipan timaliza m'masiku ochepa, ndamuuza kuti asawononge tchuthi. Usamuimbe mlandu. Akanandiuza m'bwato muja, sindikudziwa ngati ndikanamumvera. Mwina ndikanadzalabe.

Iwenso usadziimbe mlandu. Unalemba kuti ndikutukwane, ndilibe chokutukwanira. Ntchito yako unaigwira bwino. Pomwe unati pafa panafadi, ndipo panayambira mbali yomwe unapaka kwambiri. Dokotala akalola, ubwere naye mwana. Ndikufuna ndimuone asanayambe kuyenda.

Chinthu chimodzi chokha ndikuuze, kuti chisakhale mumtima mwanga mokha. Kuyambira tsiku lomwe ndinakusiya pakhomo la sukulu uli ndi chikwama chokuposa, ndakhala ndikukupempherera kuti uzikhoza. Mayeso aliwonse, ku Metković, ku Zagreb, mpaka kumene uliko. Mulungu anandimva nthawi zonse. Chilimwe chathachi ndinkapalasa bwato ndi migolo ija ndikupemphera kuti mwana wanga alakwe, kamodzi kokha.

Bambo ako,
Nediljko